Zikope zikayamba kugwa ndi ukalamba: kudula, kukweza, kubaya jakisoni kapena kuzisiya?

"Mwagona mochedwa kodi, amayi?" Munthu akadutsa zaka 50 funso limeneli limayamba kumupeza pafupipafupi, ngakhale atagona tulo tokwanira. Chikope chapamwamba chalendewera, pansi pa diso patuluka timatumba, nkhope ikuoneka yotopa m'mawa ndi madzulo omwe. Ena zimangowawawa mumtima akadziona pa chithunzi cha ukwati wa mwana wawo. Ena zimawatchinga ndithu: telala wa pa Kamuzu Road ku Salima amene amachita kukweza mphumi kuti alowetse ulusi mu singano, kapena dalaivala wa pa msewu wa M5 amene amapendeketsa mutu chagada kuti aone bwino kutsogolo. Akafufuza pa intaneti onsewa amakumana ndi liwu limodzi, blepharoplasty, kutanthauza opaleshoni yochotsa khungu kapena mafuta ochuluka pa chikope, ngati kuti ndiye yankho la vuto lililonse la chikope. Koma zinthu zogwetsa chikope n'zingapo, ndipo palibe njira imodzi yokonza zonse. Wosankha njira asanadziwe chimene chagwa amalipira, amatupa, amachira, kenako n'kupeza nkhope ili momwemo.

Tigwirizane kaye mawu. M'Chichewa timati nsidze ku tsitsi la pamwamba pa diso komanso la m'mphepete mwa chikope. Pano tiziti nsidze zapamphumi ndi nsidze zapachikope, chifukwa pa nkhani iyi kusokoneza ziwirizi kumasokonezanso opaleshoni.

Chagwa n'chiyani?

Khalani pa galasi masana, mphumi mutaimasula, osakweza nsidze. Ambiri sadziwa kuti akhala akukweza mphumi kwa zaka. Makwinya akuya opingasa pamphumi ndi mutu wowawa chakumadzulo ndiwo umboni wake.

Choyamba ndi khungu. Khungu la chikope ndi lopyapyala kuposa lina lililonse m'thupi, silikwana milimita imodzi, ndipo limatanuka msanga ndi zaka, dzuwa, fodya ndi kutikita maso. Likachuluka limapindika n'kugwera pa nsidze zapachikope ngati katani, makamaka chakunja kwa diso. Mukalitukula ndi chala mupeza kuti mphepete mwa chikope muli pamalo pake.

Chachiwiri ndi mnofu wokweza chikope, umene madokotala amautcha levator. Ukalamba umaulobodola kapena kuumasula pamene unalumikizana ndi chikope, ndiye mphepete mwenimwenimo mumatsika n'kuphimba mbali ya mwanadiso. Uku ndiko kumatchedwa ptosis. Dokotala amawalitsa tochi n'kuyeza kuchokera pa kadontho ka kuwala pakati pa mwanadiso kufika m'mphepete mwa chikope chapamwamba. Diso labwino limapereka mamilimita 4 kapena 5. Akapeza 2 kapena kucheperapo, vuto ndi mnofu, ndipo kudula khungu lokha sikungatsegule diso limenelo.

Chachitatu ndi nsidze zapamphumi. Zimayenera kukhala pa fupa la pamwamba pa diso kwa abambo, ndi pamwambako pang'ono kwa amayi. Zikatsika zimakankhira khungu la pamphumi m'chikope. Ikani chala chachikulu pa nsidze n'kuzibwezera pa fupa: khungu lolendewera lija likatha pafupifupi lonse, ndiye kuti chagwa ndi mphumi, chikope changosenza katundu wa mnzake.

Chachinayi ndi mafuta. Diso limakhala m'chibowo chake litazunguliridwa ndi mafuta, ndipo kachikopa kopyapyala kamawatchinga kuti asatulukire kutsogolo. Kachikopako kakafooka mafuta amatukumuka. Pansi pa diso pali timagulu ta mafuta titatu, pamwamba tiwiri. Tsinzinani n'kudina diso pang'onopang'ono kudzera pa chikope chapamwamba, wina akuyang'ana: kathumba ka pansi kakatukumuka, ndi mafuta. Kakapanda kusintha, koma kamakula m'mawa n'kuphwa masana, ndi madzi, ndipo mpeni suchotsa madzi.

Pali zina zomwe si ukalamba konse, ndipo izi tikuzinena mwamphamvu. Zikope zotupa m'mawa pamodzi ndi mapazi zikhoza kuchokera ku impso kapena mtima. Maso otong'oka ndi zikope zotupa amafuna kuyeza chithokomiro. Chikope chimene chimakhala bwino m'mawa n'kumagwa tsiku likamapita, nthawi zina ndi kuona zinthu ziwiriziwiri, chikhoza kukhala matenda ofooketsa minofu otchedwa myasthenia gravis, amene amachizidwa ndi mankhwala. Chikope chogwa mwadzidzidzi, mutu ukuwawa, mwanadiso wina atakula kuposa mnzake, n'chothamangira nacho kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo kuno kunyanja tisaiwale matenda a maso otchedwa trachoma. Bungwe la WHO linatsimikiza mu 2022 kuti Malawi yathana ndi matendawa ngati vuto la anthu ambiri, koma akuluakulu amene anadwala ali ana adakali ndi zipsera mkati mwa chikope, zimene zimapindira nsidze mkati n'kumakanda diso. Agogo amene amazula nsidze zapachikope ndi zala kapena kapani safunika blepharoplasty. Amafunika opaleshoni yotembenuzira mphepete mwa chikope kunja, imene ogwira ntchito za maso m'zipatala za boma anaphunzitsidwa. Poyambira pa zonsezi ndi chipinda cha maso pa chipatala cha boma cha Salima kapena cha Nkhotakota, osati malo okongoletsera nkhope.

Chikope chapamwamba: kudula khungu

Ngati vuto ndi khungu lochuluka, iyi ndiyo njira yodalirika kuposa zonse, ndipo mwa maopaleshoni onse a nkhope ndi imodzi mwa yosavuta kuchira. Imatenga mphindi 45 kufika ola limodzi pa maso onse awiri, munthu ali maso, atangobayidwa mankhwala ochititsa dzanzi a lidocaine osakaniza ndi adrenaline wochepetsa kutaya magazi.

Ntchito yeniyeni imachitika mpeni usanagwiridwe, polemba mizere. Wodwala akhale tsonga, chifukwa ukagona chagada mphumi imabwerera m'mbuyo ndipo khungu limaoneka lochepa. Dokotala amalemba mzere wapansi motsatira mpindiko wachibadwa wa chikope, mamilimita 8 mpaka 10 kuchokera pa nsidze zapachikope kwa amayi ambiri, kutsikirapo pang'ono kwa abambo. Kenako amatsina khungu lochulukalo ndi kapani kosalala, diso lili chotsinzina, mpaka nsidze zapachikope zitangoyamba kudzuka pang'ono. Pamenepo ndiye malire. Amalemba mzere wapamwamba, n'kuyeza zotsala. Lamulo limene madokotala a zikope amasunga ndi lakuti pakati pa nsidze zapamphumi ndi mphepete mwa chikope patsale khungu la mamilimita 20. Likachepera apo diso silitsekeka bwino pogona, limauma, limafiira, ndipo galasi lake lakutsogolo limatha kuchita zilonda. Khungu lotsala mochuluka amatha kulidulanso pakatha miyezi. Lodulidwa mopyola limabwezedwa pokhapokha pochita kusenda lina, monga la kuseri kwa khutu, n'kumatapo, ndipo chigamba chimenecho sichifanana ndi lachibadwa.

Akadula, amatseka timitsempha ta magazi ndi kachida kotentha, n'kusoka ndi ulusi woonda ngati tsitsi, umene umachotsedwa pakatha masiku 5 kufika 7. Kale ankachotsa mafuta ambiri ndi mnofu womwe, zotsatira zake n'kukhala maso olowa mkati ngati a munthu wodwala nthawi yaitali. Masiku ano ambiri amangochepetsa kagulu ka mafuta ka kufupi ndi mphuno, ngati katukumuka. Chotukumuka cha chakunja kwa chikope chapamwamba kawirikawiri si mafuta: ndi chiwalo chopanga misozi chimene chatsika. Chimenecho amachisokera m'malo mwake, sachidula. Wosadziwa bwino malowa akachidula, munthu akhoza kukhala ndi diso louma moyo wake wonse.

Ambiri a ife amaopa zipsera zotukuka, zija zimamera pa khutu looboledwa kapena pachifuwa. Mantha ake ndi omveka, koma khungu la chikope silichita zimenezi kawirikawiri, ngakhale kwa amene amatukuka zipsera pena. Chofala n'chakuti mzerewo umada kuposa khungu lozungulira kwa miyezi ingapo, kenako n'kuzilala, ndipo umabisala mumpindiko diso likatseguka. Zotsatira zake zimakhala zaka zambiri, kwa ambiri khumi kapena kuposa, ndipo chikope chikadzaonekanso cholemera nthawi zambiri imakhala mphumi imene yatsika.

Mnofu ukakhala ndiwo walobodoka

Apa njira zilipo zitatu, ndipo chosankhira ndi mphamvu imene mnofu watsala nayo. Dokotala amagwira mphumi kuti isathandize, n'kukuuzani kuyang'ana pansi kenako kumwamba, akuyeza ulendo wa chikope. Mnofu wabwino umayenda mamilimita 12 kapena kuposa.

Mphamvu ikakhala yabwino, monga zimakhalira pa ptosis ya ukalamba, amadula pa mpindiko womwe uja, n'kupeza mnofu, n'kuukokera kutsogolo n'kuusokera pa chikope. Ubwino wake ndi wakuti khungu lochuluka amalichotsera limodzi, ndipo ali pakati pa ntchito amakukhazikani tsonga, mutsegule maso, aone ngati zikope zalingana. N'chifukwa chake opaleshoni iyi ndi bwino kuichita muli maso. Kuipa kwake, ndi ntchito ya milimita imodzi: kukoka pang'ono mopyola diso limakhala lodzidzimuka, kuperewera pang'ono limakhalabe logona, ndipo kubwereza kuti akonze si chachilendo. Palinso chinthu chodabwitsa ambiri. Ubongo umatumiza lamulo limodzi ku zikope zonse ziwiri, ndiye mukakweza chogwa kwambiri, chinzake chimene chinkaoneka bwino chimatha kutsika. Dokotala wosamala amayesa zimenezi pokweza chikope chogwacho ndi chala n'kuyang'ana chinacho, opaleshoni isanachitike.

Ngati chatsika ndi milimita imodzi kapena awiri okha, pali njira yodulira mkati mwa chikope, yosasiya chipsera kunja. Amayamba adontheza mankhwala a phenylephrine. Chikope chikakwera pakatha mphindi zochepa, ndiye kuti njirayi igwira. Siichotsa khungu. Njira yachitatu, yomangirira chikope ku mnofu wa pamphumi ndi kachingwe, ndi ya mnofu wotheratu mphamvu, woyenda mamilimita 4 kapena kucheperapo, ndipo si ya kukongoletsa.

Amene ali ndi ng'ala ayambe achotsa ng'alayo. Kachitsulo kotsegula diso pa opaleshoni ya ng'ala kamatha kutanula mnofu wa chikope, ndiye kukonza chikope poyamba n'kutaya ntchito. Dikirani miyezi ingapo diso likhazikike.

Mphumi

Kudula chikope pamene chatsika ndi mphumi kumakokera nsidze pansi koposa, nkhope n'kuoneka yokwiya. Kuchotsa kachidutswa ka khungu pamwamba penipeni pa nsidze zapamphumi kumakweza bwino ndipo n'kosavuta, koma khungu la pamenepo ndi lochindikala, chipsera chimaoneka, ndipo kwa otukuka zipsera sitiilimbikitsa pokhapokha kuona kutatchingika. Kusokera nsidze ku fupa kudzera pa bala la chikope lomwelo kumakweza pang'ono chabe, koma kumaletsa kutsika kwina popanda chipsera chatsopano. Kwa ambiri zimenezi n'zokwanira.

Chikope chapansi: apa m'pofunika kudekha

Chikope chapamwamba chimakhululuka, chapansi sichikhululuka. Chapansi chimaimirira motsutsana ndi kulemera kwa tsaya lonse, chongogwiridwa ndi timinyewa tiwiri m'makona a diso. Chilichonse chochikokera pansi, kaya chipsera kaya khungu loperewera, chimaoneka nthawi yomweyo: choyera cha diso chimaonekera pansi pa chakuda, diso limasanduka lobulungira, ndipo zikafika poipa chikope chimatembenukira kunja, chofiira cha mkati chili pamtetete, misozi ikutsikira patsaya tsiku lonse.

N'chifukwa chake musanakambe za njira, dokotala ayese kulimba kwa chikope. Amachitsina n'kuchikoka kuchoka pa diso: chikatalikira mamilimita oposa 6, chakhwepa. Amachikokera pansi n'kuchisiya, inu osaphethira: cholimba chimabwerera nthawi yomweyo, chokhwepa chimadikira mpaka muphethire. Amayang'ananso nkhope cha m'mbali. Munthu wa maso otuluka pang'ono ndi fupa la tsaya lophwatalala ndiye amene chikope chake chimatsika msanga akachidula, chifukwa chilibe potsamira.

Njira yodulira mkati ndiyo timaiika patsogolo kwa munthu wa timatumba ta mafuta amene khungu lake silinachuluke kwambiri. Amatembenuza chikope n'kudula pa chofiira cha mkati, n'kufika pa mafuta osakhudza khungu kapena mnofu wotseka diso. Kunja sikukhala chipsera, zimene n'zofunika kwa khungu lakuda, ndipo chiopsezo cha chikope kutsika n'chochepa. Pakati pa kagulu ka mafuta ka kumphuno ndi kapakati pamadutsa kamnofu kotembenuza diso. Kakavulala munthu amaona zinthu ziwiriziwiri, nthawi zambiri kwa masabata, nthawi zina mpaka kalekale.

Mafutawo amatha kuchotsedwa kapena kusunthidwa. Anthu ambiri amene ali ndi kathumba alinso ndi kangalande pansi pake, kochokera pakona ya kumphuno kutsikira patsaya, ndipo mthunzi wa kangalandeka ndiwo umadetsa pansi pa diso. Kuchotsa mafuta onse kumaphwetsa kathumba koma kumasiya dzenje, limene limakula ndi zaka. Kuwatsitsira m'kangalandemo n'kuwasokera kumasalaza zonse ziwiri, ngakhale kutupa kwake kumachedwa kutha ndipo timabulu tolimba timatha kumveka kwa miyezi iwiri kapena itatu. Amene nkhope yawo inaphwa kale, monga ena amene anamwa ma ARV akale okhala ndi stavudine, asalole kuchotsedwa mafuta mwachisawawa. Tinenenso pomwepa kuti kukhala ndi HIV sikuletsa opaleshoni iyi ngati munthu akumwa mankhwala bwino ndipo tizilombo tachepa m'magazi. Muuzeni dokotala basi.

Njira yodulira kunja, milimita imodzi kapena awiri pansi pa nsidze zapachikope, ndi ya amene khungu lachuluka ndithu n'kupanga mapindi. Imalola kuchotsa khungu, kukonza mafuta ndi kulimbitsa mnofu nthawi imodzi, koma ndiyonso imabweretsa zikope zotsika zambiri. Poyeza khungu lodula, wodwala ayang'ane kumwamba atayasamula kukamwa, kuti khungu litanuke mmene limatanukira pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Chochotsedwa kawirikawiri ndi mamilimita awiri kapena atatu okha. Pakati pa njira ziwirizi pali ina: kukonza mafuta kudzera mkati, kenako kutsina kamzere ka khungu lokha kunja n'kukadula, mnofu osaukhudza.

Chikope chikapezeka chokhwepa, njira iliyonse mwa izi iyendere limodzi ndi kulimbitsa kona yakunja, kaya ndi ulusi womangirira ku fupa kaya pofupikitsa chikopecho. Dokotala amene akufuna kudula khungu la pansi osakoka n'komwe chikope chanu kuti aone kulimba kwake, m'tsanzikeni mwaulemu.

Matumba a patsaya penipeni, pansi pa fupa, ndi nkhani ina. Ndi khungu ndi mnofu zosunga madzi, opaleshoni ya chikope siwachotsa, ndipo amatha kukula kwa miyezi ikachitika.

Za jakisoni, madontho ndi zodzola

Mankhwala obaya otchedwa Botox amafooketsa mnofu wokokera nsidze pansi, mchira wa nsidze n'kukwera milimita imodzi kapena awiri, ndipo amasalaza makwinya a m'mbali mwa diso. Amagwira pakatha masiku angapo, amatha pakatha miyezi itatu kapena inayi. Sachotsa khungu. Akabayidwa pamphumi pa munthu amene amadalira mphumi kukweza zikope, zikopezo zimagweratu. Akalowerera kwa mnofu wokweza chikope, diso limagona kwa masabata.

Mankhwala odzaza a hyaluronic acid amabayidwa m'kangalande ka pansi pa diso. Amathandiza wa kangalande kakuya ndi kathumba kakang'ono, ndipo amakhala chaka kapena kuposa. Pa kathumba kakakulu amangoonjezera kutupa, chifukwa amakoka madzi. Ubwino wake ndi wakuti amasungunuka ndi jakisoni wina wotchedwa hyaluronidase. Choopsa chake, ngakhale sichichitikachitika, n'chachikulu: akalowa mumtsempha wa magazi amatha kupha khungu kapena kuzimitsa diso m'mphindi zochepa. Wobaya amene alibe hyaluronidase m'chipindamo, kapena amene sakuonetsani bokosi ndi dzina la chimene akubaya, asakukhudzeni. Zodzaza zosasungunuka, monga silicone wamadzi, zisafike pafupi ndi diso.

Madontho a oxymetazoline 0.1%, amene anavomerezedwa ku America mu 2020, amakweza chikope pafupifupi milimita imodzi kwa maola angapo, pa ptosis yochepa yokha. Mankhwala a dzina lomweli othira m'mphuno si a m'maso. Timatepi tomata pa chikope timathandiza pa tsiku la chinkhoswe kapena chithunzi, koma ndi thukuta la mwezi wa Okutobala ku Salima sitikhala, ndipo kumata n'kumatula tsiku ndi tsiku kumatanula khungu lomwelo.

Zodzola zimafewetsa khungu ndi kuchepetsa timakwinya tating'ono, basi. Palibe mafuta odzola obweza chikope chogwa. Oyeretsa khungu ogulitsidwa m'misika, amene ambiri ali ndi steroid, hydroquinone kapena mercury, amaononga: amapyapyalitsa khungu lomwe ndi lopyapyala kale, amachedwetsa bala kupola, hydroquinone wa nthawi yaitali amasiya mawanga akuda osachoka, ndipo steroid wodzolera m'zikope amatha kukweza mphamvu ya madzi a m'diso mpaka kuyambitsa glaucoma, matenda ochititsa khungu. Kuotcha khungu ndi laser, asidi wamphamvu kapena kachida kotchedwa plasma pen kumakwinyitsa khungu pang'ono, koma zithunzi zokopa zimene mumaona zambiri ndi za anthu oyera. Pa khungu lathu kutentha kotere kumasiya timadontho takuda kapena toyera tokhalitsa. Sitikulimbikitsa.

Usiku woyamba mugone kuti?

Kwa munthu wa ku Salima kapena Nkhotakota funso ili n'lofunika kuposa mtengo. Choopsa chachikulu cha opaleshoni ya chikope, makamaka yokhudza mafuta, ndi magazi kutayikira kuseri kwa diso. Chibowo cha diso ndi fupa, sichitanuka. Magazi akadzaza amafinya mtsempha woonera, ndipo pakadutsa ola limodzi ndi theka kufika awiri osatsegula, kuona sikubwerera. Kafukufuku wa madokotala a zikope a ku America wa mu 2004 anapeza kuti zimachitikira pafupifupi munthu mmodzi pa 2,000, ndipo mmodzi pa 22,000 amataya kuona. Zambiri zimachitika m'maola 24 oyamba, makamaka atatu oyambirira. Zizindikiro zake: ululu woopsa wa mbali imodzi umene Panado sakuuletsa, diso lolimba ngati mwala ndi lotulukira kunja, kuona kukuzilala, nseru. Chithandizo ndi kudula kona yakunja ya chikope kuti mpanipani uphwe, ntchito ya mphindi zochepa kwa woidziwa.

Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, ku Nkhotakota ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri. Munthu amene wakwera minibasi madzulo a tsiku la opaleshoni, n'kuyamba kumva ululu ali ku Benga kapena ku Khombedza, nthawi yamuthera kale. Gonani usiku umodzi kapena uwiri pafupi ndi pamene mwachitidwira, muli ndi wokuperekezani ndi nambala ya foni imene iyankhidwe usiku. Maso asamangidwe bandeji yotseka. Maola oyambawo muzitseka diso limodzi ndi dzanja n'kuwerenga chinthu ndi linalo, kenako kusinthana. Opita ku South Africa kapena India awerengere masiku osachepera 7 mpaka 10 kumeneko, ulusi uchotsedwe asanakwere ndege, ndipo adziwiretu amene adzawaone kuno chikope chikayamba kutsika sabata lachitatu.

Chimene chimatulutsa magazi kawirikawiri ndi BP yosalamulirika, mankhwala osungunula magazi, kusanza, kutsokomola ndi kuwerama. BP ndi shuga zikhale m'malo mwake masabata angapo opaleshoni isanachitike. Aspirin, Brufen ndi diclofenac zogula nokha zisiyeni sabata imodzi kapena masiku khumi. Koma amene analemberedwa aspirin kapena warfarin chifukwa cha mtima kapena sitiroko asasiye okha, dokotala amene anawalembera ndi dokotala wa opaleshoni akambirane. Tchulaninso mankhwala azitsamba onse. Fodya asiyidwe masabata anayi. Wa maso ouma kale, othetheka ngati muli mchenga, ayezedwe misozi ndi kapepala koikidwa m'chikope kwa mphindi zisanu. Kakanyowa mamilimita osakwana 5, kudula kuchepetsedwe kapena kusiyidwe.

Masiku awiri oyamba ikani chozizira mphindi 10 kufika 15 pa ola lililonse muli maso. Filizesi wokulunga m'kansalu koyera amagwira ntchito, bola asakhudze khungu mwachindunji. Magetsi akazima, kansalu konyika m'madzi owiritsa ozizira. Gonani chagada mutu uli pa mapilo awiri kapena atatu. Kutupa kumafika pachimake tsiku lachiwiri ndi lachitatu, musadabwe, ndipo kuda kwa magazi oundana kumatha m'masabata awiri. M'masabata awiri amenewo kusinja, kulima, kusenza ndowa, kukoka khoka ndi kuchapa chowerama ziime. Utsi wa nkhuni ndi fumbi la mwera zimapsetsa maso amene sakutsekeka bwino, choncho valani magalasi a dzuwa ndipo wina aphike. Kusamba m'nyanja kudikire masabata atatu. Bala lipukutidwe ndi madzi owiritsa n'kupakidwa mafuta a m'maso amene mwalemberedwa, osati madontho a steroid ogula pa okala. Miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Julayi, ndi yosavutirapo kuchira kusiyana ndi Okutobala ndi Novembala, pamene thukuta limatsikira m'bala.

Kuona maso a nkhono n'kudekha: zikope ziwiri siziphwa tsiku limodzi, ndipo chipsera chimafiira ndi kulimba cha m'sabata lachinayi kufika lachisanu ndi chimodzi chisanafewe. Maonekedwe enieni amaweruzidwa pakatha miyezi itatu kufika isanu ndi umodzi, ndipo kukonza kwachiwiri kusachitike nthawi imeneyo isanakwane, pokhapokha diso likuuma chifukwa chosatsekeka.

Ndani agwire mpeni?

Akhale dokotala wa maso amene amachita maopaleshoni a zikope, kapena dokotala wa maopaleshoni okonza maonekedwe a thupi (plastic surgery) wozolowera malo ozungulira diso, wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Ngati chikope chikutchinga kuona, njira ndi ya kalata yochokera ku chipatala cha boma kupita ku chipatala cha maso cha Lions Sight First pa Kamuzu Central ku Lilongwe, kapena ku chipatala cha maso cha Nkhoma; kumeneko kuyeza kukula kwa dera limene diso likuona, chikope chili chogwa kenako chitakwezedwa ndi tepi, kumasonyeza ngati ndi nkhani ya kuona kapena ya maonekedwe. Ya maonekedwe okha ndi yolipira m'thumba mwanu, ndipo pofunsa mtengo funsani ngati mukuphatikizapo kuchotsa ulusi, maulendo obwereza ndi kukonzanso.

Tengani chithunzi chanu cha zaka 15 kapena 20 zapitazo. Chimamuonetsa dokotala pamene mpindiko wa chikope chanu unali ndi mmene nsidze zinakhalira, kuti asakupatseni maso a munthu wina. Abambo makamaka, chifukwa mpindiko wokwera kwambiri umasintha nkhope ya mwamuna. Mufunseni kuti chagwa n'chiyani pa zinayi zija, asiya khungu la mamilimita angati, chikope chapansi wachipeza cholimba motani, ndipo magazi akatayikira kuseri kwa diso pakati pa usiku adzatsegula ndani.